FELEMU YAKALE YA NJINGA

Munthu akaima pa mseu wa Chilimbulu ku Chilenje nthawi ya mamawa, aona njinga za mitundu-mitundu zirikupita. Ena okwerapo alikunka ku nchito m'tauni. Ena acokera ku midzi ya kunja kwa Lusaka atasenzetsa njinga zao matumba a makala, ndipo angozikankha cifukwa ca kulemera kwa katundu. Enanso ndiwo ana a sukulu, mabuku ao ali kumbuyo pa keliyala. Njinga simwa petulo, ndipo mwini wace salipira basi; cifukwa cace banja limene liri nayo liisunga monga cuma.

Anthu a ku Chilenje akumbukiranso kuti njinga inathandiza pa nchito ya ufulu wa dziko. Kenneth Kaunda, amene anakhala m'nyumba ya nambala 394 komweko kuyambira January 1960 kufikira December 1962, nakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia mu 1964, anayamba nchito yace ya ndale m'zaka zoyamba za m'ma 1950 poyenda pa njinga m'midzi ya kumpoto kwa dziko.

Koma njinga nayonso ikalamba. Matayala aperepeseka, masipoko athyoka, cishalo cing'ambika, ndipo potsiriza patsala felemu yokha. Mafelemu otere alipo ambiri ku Chilenje, ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama ndi ku Mtendere. Ena ali kuseri kwa nyumba, ena ali pa denga pamodzi ndi miyala yopsinjira malata, ena agulitsidwa pa msika pa mtengo wocepa. Ena mwa iwo ndiwo a njinga zija za matayala onenepa ndi magiya ambiri, zimene anthu azicha mountain bike, ndiko kunena kuti njinga ya m'mapiri.

Kodi felemu yotere iyenera kukonzedwa kuti ikhalenso njinga, kapena kuli bwino kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha? Funso limeneli siliri laling'ono. Woyankha molakwa ataya ndalama za banja lace, ndipo mwina ataya moyo womwe, pakuti felemu ikathyoka njinga iri pa liwiro, wokwerapo agwa camutu pa mseu.

Felemu ndi ciani?

Felemu ndiyo mafupa a njinga. Zina zonse, monga mawilo, cheni, mabuleki, mahandulo ndi mapedulo, zingomangidwa pa iyo, ndipo zikatha munthu agula zina. Koma felemu ikaonongeka, njinga yatha.

Woiyang'ana bwino aona kuti mapaipi ace alumikizana m'maonekedwe a mbali zitatu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pali cifukwa cace. Timitengo tinai tikakhomedwa pa nsonga zace, munthu akhoza kutipendeketsa ndi dzanja. Koma timitengo titatu tokhomedwa comweco sitisuntha konse. Ndico cifukwa amisiri omanga nyumba aika mitengo ya denga mwa njira yomweyo. Njinga ya mawilo awiri olingana, yoyenda ndi cheni, inayamba kufala pamene John Kemp Starley wa ku Coventry, m'dziko la England, anapanga njinga yochedwa Rover mu 1885. Patapita zaka zowerengeka felemu inafika pa maonekedwe amene iri nao kufikira lero.

Kapaipi kakafupi ka kutsogolo, m'mene mulowa foloko yogwira wilo, ndiko mutu wa felemu. Paipi ya pamwamba ndiyo mtanda. Ina icokera ku mutu kutsikira pansi, inanso iimirira kunyamula cishalo, ndipo ziwirizi zikomana pa cibowo m'mene muzungulira ekiselo ya mapedulo. Kumbuyo kuli timapaipi tinai tating'ono togwira wilo la kumbuyo.

Kumene njinga za m'mapiri zinacokera

Cozizwitsa ndi ici, kuti njinga ya m'mapiri inabadwa mwa kukonza mafelemu akale. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Marin County, kufupi ndi San Francisco m'dziko la America, anafuna kuthamanga m'njira za miyala za m'mapiri a kwao. Njinga zopepuka za mpikisano sizinathe kupirira njira zotero. Tsono iwo anafunafuna njinga zolemera za Schwinn, zopangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, zimene eni ace anali atazitaya, nazikonza, ena naikapo magiya ndi mabuleki amphamvu.

Mu 1976 anayamba mpikisano wotsika phiri umene anaucha Repack, cifukwa buleki ya m'kati mwa wilo la kumbuyo inali kutentha kufikira girizi atapsa, ndipo pofika pansi anayenera kuikamo wina. Koma mafelemu akale aja anali kupindika ndi kuthyoka kawiri-kawiri. Cotero mu 1977 mmodzi wa iwo, Joe Breeze, anapanga felemu yatsopano yoyenera nchitoyo, ndipo mu 1981 kampani ya Specialized inayamba kugulitsa njinga zotere zambiri, dzina lace Stumpjumper. Zinafala pa dziko lonse, ndipo zambiri zimene zioneka mu Lusaka zinafika zitagwira kale nchito ku maiko ena.

Mbiri imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Felemu yotayidwa ikhoza kuukanso nigwira nchito yaikulu. Koma si felemu iri yonse yakale imene ipirira.

Citsulo kapena aluminiyamu?

Coyamba kudziwa ndico cimene felemu inapangidwa naco. Maginito ayankha msanga: akakangamira pa paipi, ndico citsulo; akagwa, kawiri-kawiri ndiye aluminiyamu.

Citsulo cicita dzimbiri, koma ciri ndi ubwino waukulu. Cikapindika pang'ono, mmisiri akhoza kuciongola. Kanthu kakang'ono kakaduka, akhoza kukaocherera. Ndipo cisanathyoke cicenjeza mwini wace mwa kupindika kapena kulira. Mafelemu ena a citsulo ali ndi kapepala kolembedwa Cr-Mo kapena 4130. Ndico citsulo cosanganizidwa ndi chromium ndi molybdenum, colimba koposa, kotero kuti mapaipi ace akhoza kukhala opyapyala ndi opepuka. Felemu yotere ndiyo yoyenera kuisamala. Palinso njinga zochipa za citsulo wamba, zokhala ndi masipulingi kutsogolo ndi pakati. Zikongola m'sitolo, koma zilemera, ndipo masipulingi ace akatha abvuta kukonza.

Aluminiyamu apepuka pafupi katatu kuposa citsulo ca msinkhu womwewo, ndipo sacita dzimbiri lofiira. Koma atopa. Mwana akapinda waya kunka uku ndi uko kambiri, potsiriza wayayo aduka. Comweconso felemu ya aluminiyamu, ikagwedezeka zaka zambiri pa miseu ya maenje, iyamba ming'alu pa malo oocherera, ndipo ikhoza kuthyoka modzidzimutsa. Kuiocherera sikuthandiza kweni-kweni, cifukwa moto ufewetsa aluminiyamu wa pamenepo, ndipo kuti alimbenso afunika kuumikidwa m'ng'anjo ya ku fakitale, imene mmisiri wa pa msika alibe.

Mayeso asanu

Felemu iyamba yatsukidwa ndi madzi a sopo, niikidwa poyera dzuwa likuwala. Pamenepo iyesedwa motere.

*Coyamba, ming'alu.* Woyesa ayang'ana pali ponse pamene mapaipi alumikizana, makamaka kuzungulira mutu, pansi pa cibowo ca ekiselo, ndi pa timakutu togwira wilo la kumbuyo. Mng'alu uoneka ngati tsitsi lakuda logona pa utoto. Cikhadabo cikakodwa pamenepo, mpoyenera kupala utoto ndi kuona citsulo ceni-ceni.

*Caciwiri, zipsera za ngozi.* Njinga ikagunda khoma kapena galimoto, mphamvu yonse ifika ku mutu. Woyesa ayendetsa cala kunsi kwa mtanda ndi kunsi kwa paipi yotsika, pafupi ndi mutu. Akamva kotupa kapena makwinya, felemuyo inagunda, ndipo yafoka. Foloko nayo, poiyang'ana cam'mbali, isakhale yobwerera kumbuyo.

*Cacitatu, dzimbiri.* Dzimbiri libadwa pamene citsulo cikomana ndi madzi ndi mpweya. La pamwamba licoka ndi sandipepala, ndipo siliopsa. Loopsa ndilo la m'kati. Mu Lusaka mvula igwa kuyambira November kufikira March kapena April, ndipo malo ena monga Kanyama madzi adzala m'miseu. Madziwo alowa m'mapaipi, nakhazikika pansi, nadya citsulo mosaoneka. Njinga zocokera ku maiko ozizira, kumene athira mcere pa miseu kuti asungunule cipale, zikhoza kufika zitadyeka kale. Tsono woyesa agwedeza felemu pafupi ndi khutu. Akamva zowayawaya ngati mcenga, m'kati muli dzimbiri lambiri. Atero atenga msomali nakanikiza pa malo othuza, makamaka pa timapaipi ta kumbuyo. Msomali ukaboola, nchito yatha pomwepo.

*Cacinai, kuongoka.* Cingwe cimangidwa pa khutu limodzi la kumbuyo, cipita kutsogolo kuzungulira mutu, nicibwerera ku khutu linzace, cokoka bwino. Pamenepo ayesa ndi rula mpata wa pakati pa cingwe ndi paipi ya cishalo, kumanja ndi kumanzere. Mipata iwiriyo ilingane. Ikasiyana koposa mamilimita 2 kapena 3, felemu yakhota, ndipo njinga yace idzayenda cam'mbali ngati nkhanu. Ya citsulo iongoleka. Ya aluminiyamu isaongoledwe.

*Cacisanu, mazinga ndi nambala.* Mazinga a m'cibowo ca ekiselo akhale amoyo. Ambiri awaononga posadziwa kuti pa njinga zambiri mbali ya kumanja, kumene kuli cheni, imasuka mobwerera, kusiyana ndi mabauti ena. Comweconso pedulo ya kumanzere. Kampaipi konyamula cishalo kakhale kotuluka, pakuti kakamatirira m'kati kuli nchito yaikulu kukazula. Kunsi kwa cibowo comweco kuli nambala yodindidwa ku fakitale. Ngati yapalidwa dala, mwina njingayo inabedwa, ndipo lamulo la Zambia lilanga wolandira katundu podziwa kuti ali wakuba.

Mafelemu awiri

Mnyamata wina wa Grade 7 anasunga ndalama zimene analandira pogwira maganyu nthawi ya chuti. Pa denga la nyumba ya kwao panali felemu ya malume ace, yofiira ndi dzimbiri, yosasiririka konse. Koma munthu wina anali kugulitsa felemu ya mapaipi onenepa, yopakidwa utoto wobiriwira wonyezimira, ndipo mtima wa mnyamatayo unagwa pa imeneyo. Malume ace anati, “Mphwanga, safunsa anadya phula. Tenga mafelemu onse awiri, tinke nao kwa mmisiri.”

Mmisiriyo anali mkulu wa imvi, wokonza njinga patsinde pa mtengo kufupi ndi msika. Anatenga felemu yobiriwira, naikapo maginito, ndipo anagwa pansi. Anainunkhiza, nati, “Utoto uwu ngwadzulo.” Pamenepo anapala pang'ono ndi mpeni kunsi kwa mutu, naitana mnyamatayo kuti aone. Panali mng'alu wautali ngati cala ca mwana.

Mnyamatayo anati, “Bambo, kodi simungathe kuocherera pamenepa? Kwina konse iri bwino.”

Mmisiri anayankha, nati, “Mwana wanga, ndikhoza kutseka mng'aluwo kuti maso ako akondwere, koma sindingathe kubweza mphamvu yace. Tsiku lina udzakhala utanyamula mlongo wako kumbuyo, wilo lidzagwa m'dzenje, ndipo mutu uwu udzaduka. Ndalama zako ndizifuna, koma sindifuna maliro.”

Atatero anatenga felemu ya dzimbiri ija. Maginito anakangamira. Anaigwedeza, koma siinalire. Anakanikiza ndi msomali, koma sunalowe. Anamanga cingwe, ndipo mipata inalingana. Potsiriza anapukuta paipi ya cishalo, napeza kapepala kofwifwa kolembedwa Cr-Mo. Anaseka, nati kwa malume aja, “Acimwene, mwakhala mukupsinjira malata ndi njinga yabwino. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Koma iyi yaipa kunja kokha.”

Mnyamatayo anafuna kuti nchito iyambe tsiku lomwelo. Koma mmisiri anamletsa, nati, “Iai, yamba watenga pensulo ndi pepala.”

Kuwerengera ndalama

Felemu ingakhale yamoyo, sikuti pomwepo yayenera kukonzedwa. Zitsulo zogula cimodzi-cimodzi zidya ndalama zambiri kuposa zogula pamodzi pa njinga yathunthu. Cifukwa cace wanzeru alemba zonse zosowa: mawilo awiri, matayala ndi machubu, cheni, magiya, mabuleki ndi zingwe zace, mahandulo, cishalo, mapedulo, utoto, ndi malipiro a mmisiri. Afunsa mitengo yace m'masitolo awiri kapena atatu, naonkhetsa. Atero afunsa mtengo wa njinga yathunthu yogwirapo kale nchito, ya ubwino wolingana. Kukonza kukaposa kugula, felemuyo idikire, kapena igulitsidwe kwa wina amene ali nazo kale zitsulo. Koma ngati mawilo ndi zina zazikulu ziripo, kapena zipezeka pa njinga ina yothyoka felemu, kukonza kupambana kutali.

Ayeneranso kuona ngati zitsulo za msinkhu wace zipezeka. Njinga za m'mapiri zakale ziri ndi mawilo a mainchi 26, koma zambiri zatsopano ziri ndi a 27.5 kapena 29, ndipo njinga zakuda za masiku akale ziri ndi a 28. Wilo la mtundu wina silikwana pa felemu ya mtundu wina. Felemu iyenerenso msinkhu wa wokwera: akaima mapazi onse ali pansi, pakati pa iye ndi mtanda patsale mpata wa zala zitatu kapena zinai.

Funso lotsiriza ndilo la nchito imene njingayo idzagwira. Njinga ya m'mapiri ithandiza popita ku sukulu kapena ku nchito pa miseu ya miyala ndi matope, ndipo magiya ace apeputsa cikweza. Koma siinapangidwire matumba a makala kapena a cimanga. Nchito imeneyo ifuna njinga zolemera, zonga Eagle zimene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga ku Chipata m'zaka za m'ma 1980, kapena Buffalo za bungwe la World Bicycle Relief, loyamba mu 2005, zimene keliyala yace inyamula makilogalamu 100.

Kakonzedwe kace

Felemu ikapambana mayeso ndi masamu omwe, nchito iyamba. Zonse zomangidwa pa iyo zimasulidwa, zitsukidwa ndi palafini, niziikidwa m'citini kuti timabauti tingatayike. Dzimbiri lipalidwa ndi sandipepala kufikira citsulo ciwala. Tsiku lomwelo apaka utoto woyamba wochinjiriza dzimbiri, wonga red oxide, cifukwa citsulo cosabvala ciyambanso dzimbiri usiku umodzi wokha. Ukauma, apaka utoto wa maonekedwe mopyapyala kawiri kapena katatu, osati kamodzi mocindikala, ndipo asamala kuti usalowe m'mazinga kapena kukwirira nambala. M'kati mwa mapaipi athiramo oilo pang'ono, natembenuza felemu kuti afike ponse. Pomanganso, mazinga onse ndi mabelingi apakidwa girizi.

Ndalama zikacepa, zoyamba kugula ndizo mabuleki ndi matayala. Belu ndi zonyezimira za usiku zitsatira. Zokometsera zidza pambuyo. Nyengo yabwino ya nchitoyi ndiyo ya cilimwe, pamene utoto uuma msanga. Ndipo njinga ikatha, igone m'nyumba, pakuti imene igona pa mvula ibwerera pa denga posacedwa.

Cotero felemu yakale iyenera kukonzedwa ikakhala yopanda mng'alu, yosagunda, yosadyeka m'kati, yoongoka, ya mwini wodziwika, ndiponso ngati mtengo wa kuikonza ucepa ndi mtengo wa kugula ina. Ikalephera pa mng'alu kapena pa dzimbiri la m'kati, isakwerekenso, ngakhale ikongole cotani. Woweruza ndi maso okha anyengedwa ndi utoto. Woyesa modekha apeza njinga pamene anzace aona citsulo cakutha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mafunso

1. Cifukwa ninji mapaipi a felemu alumikizidwa m'maonekedwe a mbali zitatu?
2. Kodi anyamata a ku Marin County anayamba ndi njinga zotani? Nanga Joe Breeze anapangiranji felemu yatsopano mu 1977?
3. Fotokozani kusiyana kwa citsulo ndi aluminiyamu pa felemu ya njinga.
4. Chulani mayeso asanu, ndipo munene cida cofunika pa ali onse.
5. Cifukwa ninji mmisiri anakana kuocherera felemu yobiriwira, ngakhale akadalandirapo ndalama?
6. Tanthauzirani miyambi itatu imene iri m'phunziro lino.

Zocita

1. Jambulani felemu ya njinga, ndi kulemba maina a mbali zace.
2. Pemphani mwini njinga kuti muyese felemu yace ndi cingwe ndi rula. Lembani mipata yonse iwiri m'mamilimita.
3. Funsani pa msika wa kwanu mitengo ya tayala, chubu, cheni, cishalo ndi mapedulo. Onkhetsani, ndipo mulinganize ndi mtengo wa njinga yathunthu yogwirapo kale nchito.